Chala cha Achimwene pa Nambala Wani

Achimwene anga akhala akunyamula masipika kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo msana wawo ukudziwa zimenezo. Akamadzuka pampando amayamba agwira bondo, kenako m'chiuno, kenako n'kupuma ngati munthu amene watula katundu pomwe sanayambe n'kunyamula komwe. Anthu amawatchula kuti a Mawaya, chifukwa simungawapeze opanda waya m'thumba kapena m'khosi. Dzina lenileni linatsalira pa chiphaso. Ngakhale alamu anga, akazi awo, akapsa mtima amakuwa kuti, "A Mawaya inu, chotsani zinthu zanuzi patebulo anthu adye!"

Mkati mwa sabata amakonza mawailesi ndi mafani m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Kachipindako n'kakang'ono moti kasitomala amaima panja n'kulowetsa mutu wokha. Mumanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha, ndipo pashelefu pali mawailesi a anthu amene anati abwera mawa zaka zisanu zapitazo. Loweruka ndi Lamlungu amatseka chitseko n'kukhala woyendetsa zokuzira mawu wa bandi yathu.

Bandiyo ndi ya anthu anayi. Ine ndimaimba. Aphunzitsi, amene amaphunzitsa masamu pasekondale, amaliza kiyibodi, ndipo dzanja lawo lamanzere ndi limene limagwira ntchito ya bezi, mawu apansi ogunda aja, poti wa bezi anatithawa kalekale. Wang'oma timamutcha Gogoda, ndipo amazimenya ngati zinamulakwira. Wa gitala ndi Chete, dzina lake ladzifotokoza lokha. Achimwene saimba kalikonse. Ali mnyamata anayesapo kwaya, koma anawapempha mwaulemu kuti azingonyamula mabenchi. Malo awo ndi kumbuyo kwa holo, pakatebulo kopinda, mikisa, chida chosakanizira mawu, ili patsogolo pawo.

Ine ndine mlongo wawo wotsiriza kubadwa. Iwo ndi amene anandigwiritsa maiki koyamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kundiuza kuti, "Iyandikize pakamwa koma usaidye, n'njodula." Lero ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndimasoka makatani mkati mwa sabata, ndipo palibe tsiku limene ndinaimbapo pagulu iwo asali kumbuyo kwa holo.

Zida zathu zinali mikisa yakale ya ampu yokuzira mawu m'kati momwemo, ndi masipika anayi akuda. Ndati anayi, koma olira anali awiri. Enawo ndi mabokosi opanda kanthu amene Achimwene anakhoma okha ndi matabwa opyapyala, n'kuwapaka penti wakuda ndi kuwaika sefa yachitsulo kutsogolo. Anthu otiitana sadziwa za mawu, amawerenga mabokosi. Mukafika ndi awiri amafunsa kuti, "Enawo akubwera pambuyo?" Ndiye timanyamula anayi, ndipo potsitsa opanda kanthuwo Gogoda amabuula dala kuti aoneke olemera. Ndinaonapo mayi wina akusuntha mpando wake kuchoka pafupi ndi bokosi lopanda kanthu, akuti likumugonthetsa m'khutu.

Mikisayo inali ndi mizere isanu ndi itatu, mzere uliwonse uli ndi kabatani kokankhira m'mwamba pokweza mawu ndi kukokera pansi potsitsa. Maiki yanga inkalowa pa nambala wani. Pamizere ina yonse manambala ankaoneka bwinobwino, koma pa nambala wani penti anali atafufutika mpaka chitsulo kumawala. Ndinkawaseka kuti, "Achimwene, mumapalapo ndi mpeni kodi?" Iwo ankangoti ndi thukuta.

Vuto langa linali limodzi: pasiteji sindinkadzimva. Masipika amayang'ana kwa anthu, ine ndimaima kumbuyo kwake, ndipo Gogoda amakhala kumsana kwanga pafupi moti akayetsemula ndimanyowa. Mawu anga ankandipeza atapita kukagunda khoma la kumapeto kwa holo n'kubwerera mochedwa, atasakanikirana ndi eko, kubwerezabwereza kwa mawu kumene Achimwene amathira pamikisa kuti akome. Munthu ukapanda kudzimva umakuwa, ufune usafune. Lolemba lililonse ndinkalankhula ndi makasitomala anga ndi manja, ndipo ena ankandimvera chisoni kuti chimfine changa chimangobwera Lolemba lokhalokha.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Ndi monita, kasipika kamene kamagona pansi patsogolo pa woimba, kuyang'ana iyeyo, kuti azidzimva. Zaka zoyambirira Achimwene ankati tidzagula zikadzatiyendera, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma zaka zitatu zapitazi mayankho anasintha. Lero akuti monita imaliza mluzu ikayandikana ndi maiki. Mawa akuti mugalimoto yobwereka mulibe malo, galimoto yomweyo imene timanyamuliramo mabokosi awiri a mpweya. Ndinafika pomaganiza kuti ndi kuumira chabe, ndipo ndinkawauza pamaso.

Mwezi wina wa dzinja lapitali pakhosi panayamba kuwawa ngakhale pomeza madzi. Adokotala anandiunika ndi katochi, nandifunsa ntchito yanga, kenako anavula magalasi. "Mayi, mukapitiriza kukuwa chonchi, chaka chamawa muzidzaimba m'maganizo," anatero. Ndinatuluka m'chipindamo ndili ndi mantha enieni. Kusoka kumandidyetsa, koma sindinalotepo ndikusoka.

Mwezi womwewo mikisa inafa. Tinali paphwando la tsiku lobadwa la munthu wina, masana dzuwa likuswa mtengo, pamene tinangomva kuti phu, n'kuona kautsi kakukwera kumbuyo kwa holo ndi Achimwene akukupiza ndi chipewa. Lolemba anaitsegula m'kachipinda kawo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwezeretsa chotsekera. "Iyi yapuma," anatero. "Ndaikonza kakhumi n'kanayi, palibenso poti n'kuwotcherera."

Tinakumana pabalaza pawo Lachitatu madzulo, alamu atatiikira tiyi. Tili ndi kachitini kamene timaponyamo kangachepe tikaimba, ndipo Aphunzitsi, poti ndi a masamu, anatiuza mosapita m'mbali kuti m'chitinimo mukwanira mikisa yogwirapo kale ntchito ndi chinthu china chimodzi basi. Chimodzi, osati ziwiri.

"Ndiye tigule chisipika cha bezi," anatero Gogoda. "Chachikulu chija, chomveka m'chifuwa. Anzathu onse ali nacho, ife tokha tikulira ngati wailesi ya m'khitchini."

"Chisipika chakocho anyamula ndani?" anafunsa alamu ali pakhomo la kukhitchini. "Awawa usiku amatembenuka mochita kupempha chilolezo."

Ine ndinadikira kuti Achimwene anene mawu a monita, poti nkhani ya adokotala ndinali nditawauza. Iwo anayang'ana m'kapu mwawo n'kunena kuti, "Mwina Gogoda akunena zoona. Cha bezi chikhoza kutibweretsera ntchito."

Mtima unandiwawa moti kapu ndinaiika pansi mwamphamvu. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akunyoza zida zolemera, amene m'sitolo amayamba wanyamula chinthu asanafunse mtengo, lero akufuna chibokosi cholemera ngati firiji, bola mlongo wake asapeze kamonita.

"Achimwene, ndikufunseni pamaso pa anthu," ndinatero. "Ndinakulakwirani chiyani? Mukufuna ndichite kusanza magazi pasiteji kuti mumve? Mukagula chisipikacho mugulenso woimba, chifukwa ine ndatopa."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta, ngakhale anali oyera. Amene analankhula ndi Chete, ndipo tonse tinatembenuka, poti mawu ake tinali titawaiwala. "Agulireni monitayo," anatero. Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Aphunzitsi, kenako anati, "Chabwino."

Loweruka m'mawa tinapita awiri kusitolo ya zida zogwirapo kale ntchito, pamwamba pa malo ogulitsa matayala. Masitepe ake ndi opapatiza, ndipo Achimwene anapumira pakati. Mwini sitolo ndi mayi wojintcha wa magalasi a m'khosi, amene amawadziwa bwino. Atangotiona anati, "Ee, a Mawaya afika. Lero sindidya msanga."

Sankanama. Achimwene sagula chinthu ngati anthu ena. Amabwera ndi maiki yawo ndi waya wawo m'chikwama, poti akuti wa m'sitolo akhoza kubisa mlandu. Mikisa iliyonse amayamba ainyamula, kenako amaitembenuza n'kununkhiza kumbuyo kwake, akuti chida chimene chinapsapo sichiiwala fungo. Akatero amalowetsa maiki pamzere uliwonse, umodziumodzi, n'kumayendetsa kabatani pang'onopang'ono, khutu lili tcheru kumvetsera ngati mukuthetheka. Mayi uja anatiloza mikisa ya mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, yodzaza timagetsi tothwanima.

"Iyitu ndi ya anthu akuluakulu, bambo. Ndikuchotseraniko."

"Tilipo anayi, mayi," anayankha Achimwene. "Mizere inayo muziimba ndani, inu?"

Anasankha ya mizere isanu ndi itatu, yokalika m'mbali koma yoyera m'kati. Anaiyatsa n'kuisiya ikulira kwa theka la ola, iwo atakhala pabokosi, dzanja lili pamwamba pake kumvetsera ngati ikutentha. Chisipika cha bezi chimene Gogoda ankalota chinali pakona, ndipo sanachiyang'ane n'komwe.

Mamonita analipo awiri. Woyamba anaukana asanauyatse. Anakankha pepala la sipika ndi zala zitatu, namva likukhula m'kati, n'kupukusa mutu. Wachiwiri unali waung'ono, ngodya imodzi yophwanyika, wa ampu yakeyake. Anaulumikiza n'kuyamba zawo zija za "wani, thuu, wani, thuu."

"Apatseni mayiwa ayese okha, si ndiwo oimba?" anatero mwini sitolo.

Ndinatambasula dzanja, koma Achimwene anali atazula kale waya. "Ili bwino, ndaimva," anatero. "Tiyeni, galimoto ya eni ake." Mayi uja anatiuza kuti chikativuta tikhoza kubweza pasanathe masiku khumi, ndipo Achimwene anabwereza mawuwo kuti, "Masiku khumi," ngati akuwasunga penapake. Ine ndinali wokondwa kwambiri moti sindinalabadire. Monitayo ndinatsika nayo ndekha masitepe, nditaikumbatira.

Sabata imeneyo sindinaimve. Lachiwiri poyeserera anati waya wake alibe pulagi yoyenera. Lachinayi anati aiwala monitayo kukachipinda kwawo. Munthu wa waya m'thumba, m'khosi ndi pansi pa pilo, akusowa waya! Ndinangoti n'kukula, ndipo ndinaugwira mtima.

Loweruka tinali ndi ntchito paphwando lotsanzikana ndi bambo wina wopuma pantchito pafakitale ya mabotolo. Linali la masana, m'holo yodyeramo antchito, ya denga la malata ndi matebulo aataliatali. Tinafika cha m'ma leveni, muli azimayi awiri okha akuyala nsalu. Tinasanja mabokosi anayi, Gogoda anabuula pomwe amayenera kubuula, ndipo monita ndinaigoneka ndekha patsogolo pa phazi la maiki. Waya ndinali nditagula wanga.

"Lero palibe chozemba," ndinatero. "Lumikizani."

Anagwada movutikira n'kulumikiza, kenako anayenda ulendo wawo wa kumbuyo kwa holo. Ndinawaona akupotokola mabatani uku ndi uku nthawi yaitali. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti ankafufuza njira yotumizira eko ku monita, koma mikisa yaing'onoyi ilibe njira imeneyo. Imatumiza mawu kwa woimba osadzola kanthu, momwe atulukira pakamwa.

Aphunzitsi anayamba nyimbo imene ndakhala ndikutsegulira nayo zaka khumi ndi zisanu. Ndinalowa bwinobwino. Mzere woyamba ndinamwetulira, chifukwa mawu anali pompo pamapazi anga, ndipo sindinafunike kukuwa. Mzere wachiwiri ndinamva kukhula, ngati makina osokera ouma mafuta. Titafika pokwera, pamene nyimbo ija imathyola anthu mitima, ndinamva mayi wina wotopa akufunafuna mawu osawapeza. Anafika pansi pake, anagwedera, kenako mawu anang'ambika pakati.

Ndinaima. Bandi inapitirira pang'ono n'kuzima mmodzimmodzi.

"Monitayi ndi yowonongeka," ndinatero pamaiki, ndipo mawu omwewo anandibwerera osasa.

Gogoda ankayang'ana timitengo take, Aphunzitsi ankayang'ana makiyi. Ndinakumbukira mavidiyo a pafoni amene anthu amanditumizira, amene ndimawatseka msanga n'kumati mafoni amawononga mawu. Ndinatsika pasiteji n'kuyenda holo yonse mpaka pakatebulo kopinda.

"Achimwene, ndi mmene ndimamvekera?"

"Kwa anthu ayi," anatero, maso ali pamikisa.

"Nanga kwa inu?"

Anakanda m'mutu. "Ine ndimakumva m'mahedifoni, usanafike kumasipika."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu. Mwina zinayi."

Ndinakhala pampando wa pulasitiki umene unali pomwepo. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene amauzira kasitomala kuti wailesi yake siikonzeka. Nyimbo zanga zonse amazidziwa pamtima, ndipo amadziwa paliponse pamene mawu amandithawa. Ndikamayandikira pokwera, chala chawo chimakokera nambala wani pansi pang'ono, dzanja linalo n'kukweza kiyibodi, Aphunzitsi n'kuliza mawu amene ine ndikuwalephera, eko n'kuphimba mpatawo. Ndikatsika amandibwezera m'mwamba. Amachita zimenezo kambirimbiri panyimbo imodzi, Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Penti wa pa nambala wani sanachoke ndi thukuta.

"Ndiye onsewa akudziwa?"

"Aphunzitsi ndinachita kuwapempha. Enawo ali ndi makutu."

Manyazi anandigwira, kenako ukali. "Ndiye mwandisiya ndikukuwa zaka zonsezi, pakhosi pakutha, kuti ndisadzimve? Mukanandiuza bwenzi nditasiya kukuwa kalekale!"

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinalakwa. Ndinkati ukadzimva usiya kuimba. Iwe ndimakudziwa, kansalu kakapindika pang'ono umasula katani yonse." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Poyamba ndinkati ndikuuza mwezi wamawa, mawu akabwerera. Adokotala atalankhula zija sindinagone, komabe pakamwa sipanatseguke. Ndatopa nazo, mlongo wanga. Chala ichi chimawawa kuposa msana."

Ndinafuna kuwakalipira kwambiri, koma mawu okalipira nawo ndinalibe, ndipo alendo anali atayamba kulowa. Mkulu wa phwandolo anabwera, anawerenga mabokosi ndi maso, nakhutira, n'kutiuza kuti tiyambe pakatha mphindi khumi.

"Ndiizimitse monitayo?" anafunsa Achimwene. "Tiimba ngati kale. Lolemba ndikaibweza, masiku khumi sanakwane."

Ndinayang'ana kusiteji, kumene kamonita kanali katagona ndi ngodya yake yophwanyika. Kunena zoona ndinkafuna kuvomera. Ndinkafuna kubwerera kumene ndinali m'mawa wa tsiku lomwelo, ndikudziona ngati woimba amene akungosowa chida chimodzi.

"Isiyeni," ndinatero. "Ndipo chala chanucho muchiike m'thumba."

Ndinapita kwa Aphunzitsi n'kuwauza kuti atsitse nyimbo zonse, ndipo ziwiri zokwera kwambiri tizichotse. Gogoda ndinamuuza kuti akangomenya ngati wapenga ndimulanda timitengo pamaso pa anthu. "Chabwino, achemwali," anatero, ndipo kanali koyamba kumumva akuvomera chinthu osatsutsa.

Tinaimba maola awiri. Sindinama kuti zinali zokoma. Mawu anga apansi ndi okhuthala ndi osasa, ndipo nyimbo zina zinamveka ngati zavala malaya a munthu wina. Anthu anavina pang'ono, ambiri anali kalikiliki ndi mbale zawo. Kawiri mawu anang'ambika poyera popanda wowaphimba, ndipo mtsikana wina wa patebulo lakutsogolo anagwira pakamwa. Ndinamva chilichonse, ndipo sindinakuwe ngakhale kamodzi. Ndikayang'ana kumbuyo kwa holo ndinkaona Achimwene atapinda manja pachifuwa mwamphamvu, koma paliponse pokwera phewa lawo la kumanja linkagwedezeka lokha.

Titamaliza tinayamba kupinda mawaya, anthu akusesa pansi. Palibe anatchula za maimbidwe anga, ndipo ndinawathokoza mumtima. Achimwene anabwera kudzazula waya wa monita, anagwada, n'kukanika kudzuka mpaka ndinawapatsa dzanja.

"Sabata yamawa kuli ukwati," anatero atayima, osandiyang'ana. "Ndiwayankhe chiyani?"

Ndinameza malovu kuti ndimve pakhosi. Panali potopa, koma sipankawawa.

"Auzeni kuti tibwera," ndinatero. "Koma muwauziretu kuti woimba wake ndi wa mawu apansi."

Anagwedeza mutu, anapita kukatebulo kawo, ndipo ndinawaona akupukuta mikisa yatsopano ndi kansalu asanaitseke. Pa nambala wani penti anali adakali wathunthu. Kenako anawerama kuti anyamule sipika yeniyeni, koma ndinawaletsa n'kuitana Gogoda ndi Chete. Achimwene ndinawapatsa bokosi lopanda kanthu, ine n'kunyamula monita, ndipo tinatuluka limodzi kupita kugalimoto.